Netiweki ya Kumanda

Mudzi wa kwathu uli m'chigwa, kuseri kwa Lirangwe. Dzuwa limatipeza m'chigwamo, udzudzu umatipeza, andale nawo amatipeza bwinobwino mavoti akayandikira. Chimene chinakana kutipeza ndi netiweki. Ukatsika minibasi pamsika umayenda ndithu, kudutsa m'minda ya anthu, kukwera kamtunda, kenako n'kutsetsereka mpaka kukafika pamjigo. Ukaima pamtunda paja nsanja ya netiweki umaiona ndi maso, koma ukangoyamba kutsetsereka timizere ta pafoni timazima kamodzikamodzi. Pofika pakhonde pa mayi anga foni imakhala itasanduka tochi, ndipo zinali choncho kuyambira pamene mafoni anabwera.

Ine ndimakhala ku Chileka. Ndine telala, makina anga ali pakhonde la sitolo ina kufupi ndi msika, ndipo banja langa linatha kalekale popanda wolira. Zimenezi ndikuneneratu chifukwa kwathu mkazi wopanda mwamuna, wodzidyetsa yekha, woyankha akafunsidwa, amakhala atapalamula kale asanachite kanthu. Pakamwa panga sipachedwa, ndikudziwa, ndipo pa msinkhu uno sindisinthanso.

Intaneti ndinaidziwira pa ntchito yanga yomweyi. Kasitomala wina anabwera ndi kafoni ka mabatani, akufuna ndimusokere diresi limene analiona m'menemo. Pamwamba pa foniyo panali kachilembo ka E, ndipo chithunzicho chinkatsika pang'onopang'ono kuyambira kumutu. Tinaona kolala, tinacheza, ndinapinda siketi ya munthu wina, pobwerera tinapeza chafika m'chiuno. Ndinaseka mpaka misozi. Patapita zaka kachilembo kaja kanasintha, mafoni a mabatani anayamba kuchita manyazi pagulu, ndipo tonse tinaphunzira kugula bandulo ndi kudandaula ikatha tisanaigwiritse ntchito. Ku Chileka netiweki inkagwira ngakhale kubafa. Ena ankati n'chifukwa cha bwalo la ndege, ine sindikudziwa.

Chimene ndinakonda pa data n'chakuti ili ndi chipiriro chimene ine ndilibe. Foni yoimba ikaduka yaduka, mumangokuwirana halo, halo, mayunitsi akupita. Koma uthenga wa pa data umapita m'tizidutswa, ngati mmene mayi wa geni amatutira katundu wake pang'onopang'ono kupita kumsewu. Ukapeza njira yatsekeka umadikira, kawotchi kakang'ono kali pambali pake, ndipo netiweki ikangotsegula umanyamuka wokha. Ukhoza kujambula mawu pamalo popanda netiweki, n'kuponya foni m'chikwama, uthengawo udzapita pamene udzapezere mpata.

Munthu amene ndinkamutumizira mauthenga otere anali mlongo wanga. Kwathu tinabadwa awiri, iye woyamba. Anapita ku Joni bambo athu atangomwalira, ali mnyamata wa ndevu zongoyamba kumera, ndipo masiku a m'pasipoti mwake anatha iye ali komweko. Anapeza ntchito yosamalira maluwa m'nyumba za anthu, anakwatira, anabereka ana. Kubwera kumudzi kunali kotheka, chovuta chinali kubwerera. Atangodutsa pachipata akanamuletsa kulowanso, mkazi ndi ana n'kutsala tsidya lina. Kumudzi zimenezi sankazimva. Kwa iwo anali mtchona basi, ndipo amalume, mlongo wawo wa mayi, amene ndi eni mbumba kwathu, ankalitchula liwulo ngati akulavula njere ya masau. Komatu malata a nyumba ya mayi anagula ndi mtchona yemweyo, ndipo mvula ikagwa amalume ankabisala pansi pa malata omwewo. Foni ya tachi imene ndinali nayo ananditumiziranso ndi iyeyo.

Mayi miyendo inali itayamba kuwakana. Kumsika anasiya kupita, kenako kutchalitchi, kenako kumjigo. Ndiye Loweruka lililonse ndinkatseka makina, kukwera minibasi mpaka pa Kameza, ina kudutsa Lunzu mpaka Lirangwe, ndipo ndikafika ntchito yoyamba inali ya foni. Ndinkadina pojambulira mawu n'kuwagwirizira foniyo pakamwa. Poyamba ankachita manyazi, ankati munthu wamkulu sayankhula ndi galasi. Atazolowera, kuwaletsa kunali kovuta. Ankamuuza mwana wawo za mbuzi imene yaswa, za amene wamwalira, za chiswe chimene chadya mtanda wa khitchini, n'kumudzudzula pa zinthu zimene anachita ali sitandade faifi. Ine ndinkanyamula mawuwo kupita nawo ku Chileka, yankho n'kubwera nalo Loweruka lotsatira, mayi ataiwala kale chimene anafunsa.

Yankholo ankalimvetsera mobwerezabwereza, foni ataikanikiza pakhutu. Ankavomera, ankatsutsa, nthawi zina ankamudula pakamwa ngati kuti akuwamva. Ndikawakumbutsa kuti awa ndi mawu a Lachitatu, mwini wake pano ali kwina, ankandiyang'ana mondida n'kundiuza kuti ndiyambitsenso. Ndinkayambitsanso, ngakhale mauthenga ena ndinali nditawaloweza pamtima.

Pamtunda paja ndi pamene pali manda a mudzi wathu. Mitengo yake sidulidwa, ndiye ndi nkhalango yokhayo imene yatsala m'dera lonselo, makala atamaliza ina yonse. Azunguliridwa ndi nkhadze, ndipo njira ya kumsika imadutsa m'mbali mwa nkhadzezo. Munthu akafika pamenepo amafulumiza mwendo, nkhani n'kuidula kaye. Nthawi zonse ndinkazimitsa data pochoka ku Chileka kuti bandulo isathere panjira, koma tsiku lina ndinaiwala. Ndikudutsa pa nkhadze paja, foni inayamba kulira m'chikwama motsatizana. Ndinaima. Timizere tonse tinali todzaza. Ndinayesa kutsikira mbali ya kumudzi, tinazima. Ndinayesa mbali ya kumsika, kumene njira imalowanso m'kachigwa kena, tinazimanso. Ndinabwerera pa nkhadze, tinadzaza. Ndinaseka ndekha, ndinati m'mudzi muno akufa okha ndiwo alandira chitukuko, kenako ndinathamanga kukawauza mayi.

Kuyambira tsiku limenelo mayi akajambula mawu ndinkakwera kamtundako, kuima pambali pa nkhadze, kutumiza, kudikira yankho, n'kutsika nalo lisanazizire. Ankafunsa m'mawa n'kuyankhidwa dzuwa lisanapendeke. Anayamba kudya bwino masiku amenewo. Mlongo wanga akakhala kuti sali pantchito tinkaimbirana pa vidiyo pomwepo, ine n'kumuona nkhope, kenako n'kutsika kukawafotokozera mayi mmene akuonekera.

M'manda sindinalowemo. Mwambo ndimaudziwa ngati wina aliyense: m'manda salowamo popanda maliro, ndipo wolowamo yekha amakhala ndi mlandu. Ine ndinkaima panjira, njira ya aliyense, imene amadutsapo a makala ndi a kusukulu. Koma taganizani mmene zinkaonekera kwa munthu wochokera kumunda. Mkazi wopanda mwamuna waima pamanda dzuwa likuswa mtengo, dzanja lili m'mwamba, akuyankhula yekha, mwina kuseka, mwina kupukuta misozi, ndipo Loweruka lotsatira wabweranso. Nkhani inayamba kuyenda. Pamjigo amayi ankasiya kuyankhula ndikafika. Neba wathu analetsa ana ake kulandira chakudya m'manja mwanga. Liwu lenilenilo palibe anandiuza pamaso, koma linandipeza: ankati ndimakacheza ndi akufa, ndipo miyendo ya mayi ndaimanga ndine.

Zinandipweteka, ndisaname. Anthu amene ankanena zimenezi ena ndinaphunzira nawo, ena ndinawasokera madiresi a ukwati, ndipo ambiri a iwo foni ankaidziwa bwinobwino. Anangoona kuti nkhani ya ufiti ikukoma kuposa nkhani ya netiweki. Chimene chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti malowo sindinali kuwadziwa ndekha. Abambo a m'mudzi mwathu njinga zawo zinayamba kudwala matenda achilendo: tcheni chinkagwa pa nkhadze pokhapokha. Munthu ankanjuta ngati akukonza, dzanja lina lili pa tcheni, lina pa foni akuona zigoli za mpira. Mmodzi ndinamufunsa ngati akufa amuuza kuti timu yake yawina. Anakwera njinga n'kumapita, ndipo madzulo ake mkazi wake ndi amene anafalitsa kuti ndayamba kuopseza anthu pamanda.

Amalume anabwera Loweruka lina, anakhala pampando pakhonde, anandiitana. Anayambira kutali monga amachitira akuluakulu, za mbiri ya banja, za mmene makolo ankalemekezera manda, za mmene ana a masiku ano tapengera ndi mafoni. Kenako anafika pamfundo: ndisiye kuima pamanda, ngati ndikufuna kuyankhula ndi mtchona wangayo ndizipita kumsika. Ndinawafunsa ngati iwo azitsala akuwayang'anira mayi ine ndikamayenda mtunda wonsewo kupita ndi kubwera. Anati mawu a akulu akoma akagonera. Ndinati mawu a mayi anga agonera mokwanira m'chikwama, sabata yathunthu, ndipo sanakome. Ndinawauzanso kuti andisonyeze malo ena m'mudzi muno pamene foni imagwira, ndikaimapo mawa lomwe, ngakhale patakhala padenga la nyumba yawo. Anaimirira, anakung'untha chipewa, anati ndikadzaitanidwa pabwalo ndisadzawafune. Ndinayankha kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo tsiku lomwelo ndinakweranso kamtundako.

Chaka chimenecho, nthawi yotentha, mayi anagwa. Tinapita nawo kuchipatala asakudziwa kanthu. Kumeneko netiweki inalipo, ndipo mlongo wanga anawaona pa vidiyo, koma iwo sanamuone, maso anali otseka. Patapita masiku adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza mwaulemu kuti ndikawasamalire kunyumba. Ndinamva chimene ankatanthauza. Nzeru za mayi zinabwerera titafika kale m'chigwa mwathu, koma thupi linali litatha. Ndinafunditsa makina ku Chileka n'kusamukira kumudzi.

Mlongo wanga anayamba kutumiza mauthenga amene sindinkafuna kuti mayi awamve. Ankati akubwera, zivute zitani, wafunsa kale za basi. Kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka mkazi wake akulira, ndi kamwana kakufunsa chinachake m'chinenero cha kumeneko. Ankati anthu amunena mokwanira, sangalole kuti mayi ake apite asanamuone. Ndikanati bwerani, ndikanamulanda ana ake. Ndikanati musabwere, ndikanamulanda mayi ake. Ndinkangomuyankha kuti adikire kaye.

Uthenga umodzi mayi anandikakamiza mpaka ndinawatsegulira. Anamvetsera maso ali kudenga. Utatha anati mawu amva okwanira, tsopano akufuna amuone. Ndinawasonyeza zithunzi zimene zinali m'foni. Anazikankha ndi kuseri kwa dzanja.

"Chithunzi ndimangochiona ine, icho sichindiona," anatero. "Iwe umamuonera kuti?"

Ndinawauza, ngakhale ankadziwa kale, poti miseche inkafika mpaka pamphasa pawo.

"Ndiye ukudikira chiyani?"

Kunena n'kosavuta. Kwathu wodwala sapita naye kufupi ndi manda. Ngakhale popita kuchipatala paja, amene ananyamula mayi anazungulira njira ya kudambo kuti asadutse pa nkhadze. Amati ukatero wamuonetsa njira, wamuitanira imfa. Kumsika nako kunali kutali kwa munthu amene sankatha kukhala tsonga panjinga. Ndinapempha abambo awiri kuti andithandize kunyamula, anati aonane kaye ndi amalume. Ndinakabwereka wilibala kwa neba, anati tayala laphwa, chonsecho m'mawa mwake ndinaiona ikututa njerwa. Nkhani inawafika amalume tsiku lomwelo, ndipo anatuma uthenga wakuti ndikangoyerekeza, chilichonse chimene chichitike chidzakhala pamutu panga.

Ndinasankha Lamulungu masana, chifukwa ndi tsiku limene mlongo wanga sagwira ntchito. Loweruka ndinakwera pamtunda, ndinagula bandulo yaikulu, ndinamuuza kuti asachoke panyumba, asonkhanitse ana, atchaje foni. Yanga ndinaitchaja pa kasola ka mayi n'kuizimitsa. M'mawa mwake ndinawasambitsa, ndinawadzoza mafuta. Anakana diresi limene ndinatulutsa, anafuna la maluwa obiriwira limene ndinawasokera pa Khirisimasi, ndi duku lake. Anaitanitsanso kalilole. Anadziyang'ana nthawi yaitali, kenako anati ndiwamange bwino dukulo, mwana asaone ngati kwawo kulibe anthu.

Ndinagwada, ndinawakweza kumsana, ndinamanga zitenje ziwiri, china pachifuwa china m'chiuno. Ndinkaganiza kuti alemera. Kupepuka kwawo ndi kumene kunandiliza, ndipo ndinathokoza kuti ali kumbuyo, sakundiona nkhope. Tikanatha kudzera kuseri kwa nyumba, m'minda, koma ndinadzera pamjigo, nthawi imene anthu amachokera kutchalitchi. Ndinafuna aone masanasana, kuti mawa asadzanene kuti ndinachita mobisa.

Anaonadi. Ena anagwira pakamwa, ena anaitana anzawo m'nyumba. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandithamangira n'kundigwira mkono, akundichonderera kuti ndiganize bwino. Ndinamuuza kuti ngati akufuna kuthandiza andigwirizire chitenje kumbuyo. Anandisiya. Pofika pakati pa chitunda tinali ndi anthu pambuyo pathu, akutsatira chapatali, ndipo ndinazindikira kuti tikuoneka ngati maliro opanda nyimbo. Thukuta linkalowa m'maso. Mayi ankapumira pakhosi panga, mpweya waufupiufupi, ndipo mantha anandigwira. Akanatsirizikira kumsana kwanga ndikanathawira kuti? Koma zobwerera sindinaziganizire, ndinangokweza chitenje n'kupitiriza.

Amalume tinawapeza ataima pakati pa njira, pang'ono kufika pa nkhadze, atavala jekete la kutchalitchi.

"Iwe, bwerera nawo achemwali angawo," anatero. "Ukufuna kuwaika amoyo?"

Ndinatsegula pakamwa, ndipo zimene zinkabwera sizinali zabwino. Koma mayi ananditsina paphewa. Anayankhula okha, mawu otsika, moti amalume anachita kuwerama kuti amve.

"Achimwene, chokani panjira. Kumeneko ndikupita ndithu, mufune musafune. Lero lokha ndikufuna ndipite n'kubwerako."

Amalume anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana anthu aja, anasuntha. Sanavomereze, anangosuntha.

Ndinawatsitsa mayi pamthunzi wa mtengo wina wa m'manda umene nthambi zake zimafika panjira. Ndinayala chitenje, ndinakhala kumbuyo kwawo kuti atsamire pa ine. Ndinayatsa foni, ndinayatsa data, timizere tinadzaza. Ndinaimba. Kenako kanthu kaja kanayamba kuzungulira pagalasi, kuzungulira, kuzungulira. Aliyense amene anagulapo bandulo akukadziwa kanthu kameneka. Ndinakatukwana chamumtima mawu amene sindingalembe pano. Malo amene sanandigwiritsepo mwala miyezi yonseyi anafuna kundichititsa manyazi lero, mudzi wonse ukuonerera. Foni inaduka. Wina kumbuyo anatsokomola. Ndinaimbanso, ndinaikweza m'mwamba, ndinaitsitsa.

Anabwera m'zidutswa. Poyamba mawu okha, theka la moni. Kenako chipumi ndi denga la nyumba yake, zitauma osasuntha. Kenako nkhope yonse inayera n'kuyamba kuphethira.

Mayi anabweretsa nkhope pafupi ndi galasi, anaibweza, anaibweretsanso. M'mutu mwawo ankasungabe mnyamata amene anachoka uja, ndipo zithunzi zija sanazikhulupirire kwenikweni. Apa panali bambo wa dazi, imvi m'ndevu, maso ofiira.

"Wakalamba iwe," anatero mayi.

Mlongo wanga anaseka, kusekako kunasanduka kulira, ndipo analira osabisa. Mayi anamusiya alire. Kenako anamuuza kuti apukute kumaso awaonetse ana. Anabwera mmodzimmodzi, amanyazi, akupereka moni wa Chichewa chophunzitsidwa dzulo. Mayi anamuyang'anitsitsa aliyense, ndipo wamkuluyo anamupepesa kuti watenga makutu a kwathu. Mpongozi wawo anagwada pansi komweko ku Joni, foni ikumutsatira, ndipo mayi anamuthokoza chifukwa chowasungira mwana. Anthu aja anali atayandikira pang'onopang'ono. Ndinkawamva kumbuyo kwanga, koma sindinacheuke.

Kenako mlongo wanga ananena zimene ndinkaopa. Anawauza mayi kuti akubwera sabata yomweyo, basi wapeza kale.

Mayi anandiuza kuti nditembenuze foni. Sindinamve msanga chimene ankatanthauza, ndiye anagwira dzanja langa n'kulipotoza okha mpaka galasi linayang'ana kunkhalango. Ife tinakula tikuuzidwa kuti manda salozedwa ndi chala, ukaloza chalacho chimawola. Mayi anatambasula chala chawo chowonda n'kuloza bwinobwino pakati pa mitengo, mbali imene anagona bambo athu.

"Ukuona? Ndi pamenepo," anatero. "Sipatali. Chemwali wakoyu wandibereka, iwe wandidikira pano, ndiye kuti mwandiperekeza nonse awiri. Tsono ukawasiya anawo n'kubwera kuno kudzaona dothi, sindidzakukhululukira. Wamva?"

Chithunzi chinauma kanthawi, ndipo ndinaopa kuti mawuwo atayika panjira. Koma anafika. Mlongo wanga anagwedeza mutu, anati wamva. Mayi anamuuza kuti abwereze mokweza, amalume ake amve nawo. Anabwereza.

Tinakhala pamenepo mpaka batire linayamba kudandaula. Pobwerera mayi anagona tulo kumsana kwanga, ndipo kutsetsereka kunali kovuta kuposa kukwera. Palibe anandithandiza, ine sindinapemphenso.

Mayi anakhala nafe mpaka mvula yoyamba. Amene ankafuna kunena kuti ndinawaitanira imfa ananenadi, ndipo ena akunenabe mpaka lero. Amalume sanandiitanitse pabwalo, komanso anatenga nthawi yaitali asanandiyankhulenso bwino. Sindinapepese kwa aliyense, ndipo zitabwereranso ndikhoza kumanga zitenje zomwezo.

Mlongo wanga anamvera, sanabwere. Tsiku loika maliro tinakwera chitunda chija n'kulowa m'kati mwa nkhadze. Foni inali m'chikwama, data nditazimitsa, chifukwa ndi mmene tinagwirizanira ndi mlongo wanga. Poyankhula m'malo mwa banja, amalume ananena kuti mwana wamwamuna wa malemu sanathe kufika, ndipo anaima kaye pang'ono kuti anthu amve bwino. Mayi uja amene anandigwira mkono pamjigo anali pambali panga. Anandinong'oneza, mwina mwachifundo ndithu, kuti poti pano imagwira, bwanji ndiwaimbire achimwene aoneko mayi awo akutsitsidwa.

Ndinamuyankha mosanong'ona, kuti a kutsogolo amve nawo.

"Achimwene anawaperekeza kale, akuonana m'maso. Inu ndi amene mwachedwa, mwapeza bokosi."